Mlendo Wathu ndi Kadzidzi Wake

Ine ndinadziwa kuti zinthu zavuta nditangoona kadzidzi. Sanali wamoyo ayi, anali wadothi, msinkhu wake ngati kapu ya tiyi, maso ali tong'oo, akutuluka m'chikwama cha mlendo wathu atakulungidwa m'sokosi ngati dzira. Mlendoyo anamupukuta ndi mpango, anamukhazika patebulo, kenako anamusisita pamutu. Yamikani anali kumsana, ndinamangitsa nsalu mpaka mwana analira.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Smethwick, pafupi ndi Birmingham, kuno kwa azungu. Bambo a Tadala ndi nesi m'chipatala cha boma, ine ndinkatsala pakhomo ndi ana awiri, Tadala amene anali atangoyamba sukulu, ndi Yamikani amene anali akukwawa. Mlendoyo anali a Mbewe, mnzawo wa bambo a Tadala wa kusekondale, amene anapitako ku seminale n'kubwererako, tsopano anabwera kudzaphunzira ku yunivesite ku Birmingham. Anati akhala m'kachipinda kathu kam'mwamba mpaka atapeza pawo. Munthu wake woonda, wamagalasi, waulemu kwambiri (ndipo tonse tikudziwa kuti aulemu kwambiri ndi amene sumawasiyira mwana).

Ndinawakokera bambo a Tadala kukhitchini n'kuwanong'oneza za kadzidzi. Anaseka mpaka kugwira sinki, amvekere kuno kwa azungu kadzidzi ndi mbalame ya nzeru. Nzeru zake ziti? Kwathu akalira padenga, m'mawa mwake anthu amayamba kufunsa mtengo wa matabwa. Ine sukulu ndinalekezera sitandade seveni, koma pa zimenezo palibe angandinamize.

Sabata yomweyo, masanasana (dzuwa lenileni kuno kulibe, koma wotchi inkati ndi masana), bambo a Tadala ali ku shifiti, ndinamva anthu akukangana m'chipinda cha a Mbewe. Mawu a nkhalamba, kenako a mnyamata wamwano, kenako wachitatu wolankhulira m'mphuno amene ankawaleretsa. Ndinathamangira pakhomo kukaona nsapato. Zinalipo za a Mbewe zokha. Ndinakwera masitepe chokwawa, khutu pachitseko, ndipo chilankhulo chake sichinali Chichewa, sichinali Chingerezi, sanali ngakhale malilime akutchalitchi, chifukwa amenewo ndimawadziwa. Mwadzidzidzi nkhalamba ija inaseka. Masitepe ndinatsika ndi matako.

Powapatsa chakudya ndinalimba mtima n'kufunsa ngati anali ndi alendo.

"Alendo abwino zedi, alamu," anatero akusamba m'manja. "Onse anamwalira kalekale, ena ku Italy, ena ku Holland. Koma ndikawaitana amabwera, ndipo savuta, sadya n'komwe."

Sadya lero. Nanga tsiku limene adzamve njala adzayambira pati? Nditawauza bambo a Tadala, anati ndi zakusukulu zimenezo, ndimusiye munthu aphunzire, n'kugona pampando pomwepo yunifomu ili m'thupi.

Chimene chinandimaliza chinali cha Yamikani. Mwanayu anali wonenepa, ndipo mukudziwa kuti mwana wa mwini sumutama kunenepa mobwerezabwereza, ukanena kamodzi umakhala chete. A Mbewe anamupeza akukwawa pakapeti, anaima, anakonza magalasi, n'kunena kuti mwanayu wanenepa bwino. Ndinati zikomo. Anabwereza, koma mwa njira ina: akuti masaya ake ali ngati mandasi ongowawula kumene. Akuti ntchafu zake n'zonona ngati za nkhuku ya pa Khirisimasi. Akuti mafuta a mwanayu angayatse nyali za mudzi wonse. Akuti ndani angaone mnofu wotere osathokoza Mlengi? Anapitiriza choncho akuwerenga pazala, zala zinatha n'kuyambiranso, nkhope ikuwala ngati munthu woima pa butchala kumapeto kwa mwezi.

"Mwaona alamu, nkhani ndi imodzi yomweyo, koma sindinabwereze mawu ngakhale amodzi. Mawa ndiyesa Tadala."

Mawa Tadala! Ndinayamba nkhondo tsiku lomwelo. Ndinathira mchere pakhomo la chipinda chawo, iwo anasesa n'kundiuza kuti ndisawakalipire ana, kutaya zinthu ndi chibwana chabe. Ndinapaka mafuta odalitsidwa pachogwirira cha chitseko, iwo anapukuta n'kundithokoza kuti chasiya kulira. Kiyi wawo wa chitseko chakumaso ndinamuponya m'bini kuti asamalowe ine ndisakudziwa, iwo anapepesa kuti ndi osasamala. Munthu wosakwiya chonchi, inu mukanatani? Ndinaimbira Anaphiri, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anthu amati ku Ntcheu anatulutsapo chiwanda mwa mbuzi.

Anabwera Loweruka m'mawa ndi amayi ena atatu, mayunifomu akumpingo pansi pa majasi, Mabaibulo kukhwapa. Bambo a Tadala anali ku ntchito. Tinawaitana a Mbewe pabalaza, anatsika, anapereka moni mmodzimmodzi atagwira chigongono. Anaphiri sazungulira nkhani.

"Achimwene, tabwera ndi funso limodzi. Kodi inu ndinu mfiti?"

Munthu wabwinobwino akanakwiya, kapena kulira, kapena kulumbira pamanda a amayi ake. A Mbewe maso anawala. Anaimirira, anamanga batani la jekete, dzanja limodzi kumsana.

"Amayi anga olemekezeka, inu mizati ya mpingo, ndine yani ine kuti nditsegule pakamwa pamaso panu? Lilime langa ndi lolemera, mawu anga ndi osauka. Komabe funso lalikulu chonchi siliyankhidwa mothamanga. Tiyambe taona mbali yonena kuti ndine mfiti."

Ndipo anayambadi. Akuti, kodi si zoona kuti munthu ameneyu amasunga kadzidzi? Kodi si zoona kuti amacheza ndi akufa, ndipo amawakonda kuposa amoyo? Ndani wa inu anamuonapo ali mtulo? Mafunso ankangowaponya osadikira yankho, mawu akukwera pang'onopang'ono ngati basi pachitunda. Anatchula ndi zina zomwe ine sindinaziganizeko n'komwe: kuti ku seminale anachoka popanda wodziwa chifukwa, kuti mphaka wa aneba amamutsatira, kuti chibwerereni m'nyumba muno hita inayamba kubuula (inkabuuladi). Analankhula mokoma moti mayi mmodzi anayankha "Ameni" mosazindikira. Anaphiri anayambitsa nyimbo koma mawu anawathawa pamzere wachiwiri.

"Ngati zonsezi zili choncho," anatero a Mbewe akudziloza pachifuwa, "ndani angakane kuti ameneyu ndi mfiti yotheratu?"

Anaima kuti amwe madzi. Ine sindinadikire. Yamikani kumsana, Tadala padzanja, ndinatuluka ndi masilipasi a bambo awo, mvula ikuwaza, ndipo kuti mfiti isatilondole ndinakhoma chitseko kunja. Chitseko chathu chinali chija chachikale, ukakhoma kunja wam'kati satsegula, ndipo chakuseri chinafufuma ndi mvula, sichinkatseguka chiyambire. Zoti m'katimo ndasiyamo amayi anayi akumpingo ndinazikumbukira nditafika kale kumashopu a ku Cape Hill.

Ndinalowa m'shopu yochapira zovala, chifukwa munali motentha ndiponso munali anthu, n'kukhala kuseri kwa chimakina chachikulu. Tadala ankangofunsa m'Chingerezi chake chija kuti tabwera kudzachapa chiyani popeza sitinanyamule zovala. Ndinaimbira bambo ake ku wodi.

"Avomera okha. Pamaso pa mboni."

"Ndani avomera chiyani?"

Ndinafotokoza zonse mpweya umodzi. Iwo anangofunsa kuti mbonizo zili kuti pakali pano. Ndinanong'ona kuti ndazikhomera m'nyumba pamodzi ndi mfitiyo. Kwa abwana awo anatsanzika kuti akazi awo adwala (mpaka lero amati sananame).

Pobwerera kunyumba bambo a Tadala anali kutsogolo ndi kiyi, ine kumbuyo ndi kabotolo ka mafuta, ndikuganiza kuti amuna a amayi aja ndikawauza chiyani. Tisanatsegule n'komwe tinamva kuwomba m'manja. Amayi anayi ali phee pa sofa, tiyi ali m'makapu anga aukwati amene ngakhale abusa sindiwapatsa, mabisiketi a ana atha. A Mbewe aima pa kampando ka Tadala, akutamanda basi yochedwa. Akuti basi yochedwa ndi mphunzitsi wa kuleza mtima, ndi mayi wa ubwenzi chifukwa imasonkhanitsa aneba amene sakanapatsana moni, ndi mlonda wa mabanja chifukwa mwamuna aliyense wofika mochedwa amabisala kumbuyo kwake. Amayi akupukuta misozi ndi mipango ya kumutu.

Anaphiri anandiyang'ana kuyambira masilipasi mpaka kumutu.

"Mayi a Tadala, mwathawa pakati pa ulaliki. Mbali yachiwiri ndiye inali yokoma, anagwetsa mfundo zonse zija imodziimodzi. Munthuyu si mfiti, ndi wophunzira chabe, zizindikiro zake zimangofanana. Koma inuyo, kutikhomera m'nyumba ndi mfiti? Ndiye kuti tikanadyedwa, mawa mukanatiimbira kwaya?"

Pansi pakanang'ambika bwenzi nditalowa ndi ana omwe. A Mbewe, m'malo mokwiya, anakhala pansi n'kundifotokozera bwinobwino. Akuti anthu amene akuwaphunzirawo anakhalako zaka mazanamazana zapitazo, nthawi imene azungu amati Renesansi, ndipo ankakonda Chilatini chakale ngati ndiwo. Ankati nzeru isamayende ndi sanza, iyenera kuvala bwino kuti anthu aikonde. N'chifukwa chake nkhani zozama ankazilemba ngati kucheza kwa mabwenzi, wina anena, wina atsutsa, wina aweruza, ndipo mawu ndinkamva aja anali a Mbewe omwewo akuwerenga mokweza mbali ya aliyense. Pozolowetsa lilime, chinthu chimodzi ankachinena m'njira zambirimbiri. Chinthu chonyozeka ankachitamanda ngati mfumu kuti odzikuza achite manyazi. Poyamba kulankhula ankadzichepetsa dala. Ndipo funso lililonse ankayamba alimenyera nkhondo mbali zonse ziwiri asanagamule.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji osangonena kuti ayi, sindine mfiti, nkhani n'kuthera pomwepo. Anaimirira n'kuyamba kumanga batani, amvekere funso limenelonso lili ndi mbali ziwiri. Bambo a Tadala anawakhazika pansi ndi mapewa.

Nkhani inafika mpaka ku tauni ina ya Coventry ndisanafike ndi ku tchalitchi komwe. Mpaka lero ndikalowa pa mapemphero a amayi, wina amadzuka n'kukazula kiyi pachitseko, onse n'kuseka. Ndimaseka nawo, nditani. A Mbewe anawaitana kukalankhula paukwati wa mwana wa Anaphiri, anatamanda apongozi mpaka mpunga unazizira.

Koma tamverani izi. Tsiku lina ndinauza Tadala kuti akasambe. Mwana anakwera pa kampando kaja, dzanja kumsana, n'kuyamba m'Chingerezi kuti iye ndi kamwana chabe, sayenera kulankhula pamaso pa mayi wanzeru ngati ine, komabe tiyambe taona mbali yonena kuti kusamba ndi koipa. Bambo ake anagwa ndi phwete. Ine sindinaseke. Mwana wanga, wobala ndekha, akulankhula ndi mzimu wa anthu akufa a ku Italy, ndiye wina azindiuza kuti palibe chinalowa m'nyumba muno?

A Mbewe atapeza chipinda ku Hillfields, potsanzika anamusiyira Tadala kadzidzi uja, akuti akule ndi nzeru. Ndinathokoza ndi manja awiri. Iwo akukhota pakona, ine kadzidzi m'sokosi, sokosi m'jumbo, ulendo wa ku Cape Hill, ndinakamupereka kushopu ija imalandira katundu wakale. Anamuika pawindo, maso kumsewu, ndipo palibe mzungu ndi mmodzi yemwe anamugula (ndiye amati ndi mbalame yawo ya nzeru). Bedi la ana ndinalichotsa kukhoma la chipinda chija, kampando ndinakaika pamwamba pa kabati, ndipo tikamadutsa pashopupo timaoloka msewu, Yamikani nditamufunditsa kumutu.

Onse amati a Mbewe anadziyeretsa bwino kwambiri tsiku lija. Mwina n'zoona. Koma mbali yachiwiriyo anaimva ndi Anaphiri, ine ndinamva yoyamba yokha, ndipo inali yomveka.