Koko wa Mkamwini

Lolemba

Mbande zisanu ndi imodzi za koko, mtengo womwe amapangira chokoleti, zili kuseri kwa nyumba! Wandibweretsera mnzanga woyendetsa lole, kuchokera ku Nkhata Bay. Ndazidzala m'mawa uno mayi a Chisomo, akazi anga, ali kuchitsime. Sindinapemphe munthu.

Apa pali mlandu, ndikudziwa. Kwathu ndi ku Kasakula. Kuno kumapiri a Dowa ndine mkamwini, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano. Chimanga ndalima, fodya ndalima, koma mtengo ayi. Chimanga umakolola n'kunyamuka. Mtengo umanena kuti wodzalayo sakuchoka, ndipo mawu otere mkamwini sanena panthaka ya eni. Paja amati mkamwini asamakule mwendo.

Lamulungu akubwera amalume a akazi anga kuchokera ku Mponela, eni mbumba. Akati zulani, ndizula, ndipo ndidziwa kuti ndidakali mlendo. N'chifukwa chake ndikufuna adzazipeze zobiriwira, zoti munthu achite manyazi kuzizula.

Njira ndili nayo. Alangizi a zaulimi amati bayocha, ine ndikuti makala odyetsera nthaka:
- kutentha zitsononkho m'dzenje, mpweya pang'ono
- kuzimitsa ndi madzi zisanasanduke phulusa
- kusinja
- kunyika m'manyowa milungu iwiri
- kusakaniza ndi dothi

Milungu iwiri ndilibe. Ndili ndi masiku asanu ndi limodzi, komanso khama.

Bwanji koko? Mayi a Chisomo analawako chokoleti paukwati wina, n'kundimangira theka pakona ya chitenje. Chinafika chitasungunuka. Kuyambira tsiku limenelo ndimafuna kuwabwezera.

Lachiwiri

Dzenje lakumbidwa, zitsononkho matumba atatu, moto wayaka bwino. Kuzizira kwa mwezi uno n'kosanena.

Ndaiwala chinthu chimodzi: pamudzi moto sakaniza.

"Odi, tipaleko moto." Woyamba ndi phale. Wachiwiri ndi chivindikiro cha poto. Wachitatu ndi fosholo, fosholo yeniyeni, anthuni! Alamu anga, mlongo wawo wa mayi a Chisomo, abwera ndi mbatata zinayi n'kuzikwirira pakati penipeni pa sayansi yanga. "Alamu, ng'anjo yanuyi ikuwotcha bwino," akutero, kukamwa kuli tho.

Kenako uthenga wochokera kwa apongozi, kudzera mwa mwana wawo, popeza ine ndi iwo sitiyankhulana maso ndi maso: miyendo yazizira. Ndawasankhira makala abwino kwambiri ndekha. Ndikanatani?

Zotsala: ndowa imodzi ndi theka.

Lachitatu

Ndowa imodzi. Theka lija lalowa m'simbi ya alamu. Akusita thalauza la kutchalitchi, lero Lachitatu!

Kusinja. Ndayamba ndi mwala, makala akuthawira mbali zonse. Ndayang'ana uku ndi uku, ndatenga mtondo wa mayi a Chisomo. Ntchito ikuyenda, mpaka kanyimbo kakutuluka kokha. Potembenuka, amayi anayi aima ndi ndowa pamutu, akuonerera mwamuna akusinja. Mmodzi waseka mpaka madzi kutayikira kumsana.

Mtondo ndatsuka kawiri. Sizinathandize. Nsinjiro zatuluka zotuwa, mpiru wotendera wada bii.

"Bambo a Chisomo, mtondo wanga unakulakwirani chiyani?" Sakukalipa. Akudya, mano akuda, n'kumandiyang'ana. Ndawaululira za chokoleti chija. Andiwonjezera ndiwo.

Lachinayi

Makala osanyika amayamba adya okha chakudya cha m'nthaka, mtengo n'kugona ndi njala. Ayenera kukhuta kaye. Manyowa ali m'khola la mbuzi za apongozi, ndipo ndi a kudimba kwawo, sindingawakhudze. Koma alangizi anati palinso njira yachidule: mkodzo.

Ndapempha a m'nyumba kuti tithandizane. "Mwapenga?" Nkhani yathera pomwepo.

Basi, ndekha. Thobwa makapu asanu. Madzi. Tiyi wopanda shuga. Madzi enanso. Munthu wamkulu, bambo wa ana atatu, kumangozungulira ndi kachitini!

Masana ndanyamula chitini chodzaza kupita nacho kuseri, ndipo panjira pomwepo, apongozi! Mwambo ndi mwambo. Ndapatuka, ndalowa patchire, ndanyonyomala, manja kumbuyo. Minga yandibaya, chitini chapendekeka. Thukuta langa la tsiku lonse lathera m'nsapato ya kumanja.

Apongozi adutsa akuyang'ana kumwamba. Ndangowamva akuuza mbuzi yawo: "Iwe, ukununkha bwanji lero." Mayi aja ndi aulemu, Mulungu awasunge.

Lachisanu

Sindingadikirenso. Ndathira makala momwe alilimo, osakhuta bwino, kuzungulira mbande iliyonse. Kuthamanga sikufika, ndikudziwa, koma Lamulungu silikudikira.

Kawerengedwe ka lero:
- imodzi nkhuku zafukula, zikuyesa ndabisa chakudya
- imodzi mbuzi yomwe ija yadya mpaka pansi, kubwezera chipongwe
- ziwiri masamba achita chikasu
- ziwiri zikuoneka ngati zikundimvera chisoni

Chakumadzulo mphepo ya kumapiri yayamba. Imodzi ndaiveka jekete langa, ina thumba la feteleza. Pobwera ndi udzu woti ndifunditse zinazo, ndapeza zafunditsidwa kale chitenje cha mayi a Chisomo, chatsopano cha maluwa. Mwini chitenje ali pakhonde, akutonola chimanga ngati sakudziwa kanthu. Ndimawakonda mayi amenewa. Pakamwa sinditha kunena, ndiye ndalemba pano.

Loweruka

Chisanu chagwa. Masamba apsa ngati fodya wa m'chigafa. Ndaimbira alangizi.

"Koko? Kumapiri kwanuko? Bambo, mtengo umenewo umafuna kotentha ndi konyowa. Makalawo alibe mlandu. Mukanandifunsa."

Ndikanafunsadi. Ndinafunsa za dzenje, za moto, za mkodzo, koma dzina la mtengo ndinabisa. Ndimaopa kuti nkhani ingafike kwa eni nthaka ine ndisanadzale.

Yatsala imodzi, masamba awiri, lina lolendewera. Alamu adutsa: "Alamu, mwayamba kulima ndodo?"

Ndatenga khasu kuti ndifafanize zonse, amalume asadzapeze umboni. Manyazi ndadya kale okwanira, ndisawonjezere mlandu. Mayi a Chisomo agwira mpini. "Zisiyeni. Adzaone." Khasu ndabweza, koma mtima suli m'malo.

Lamulungu

Yomaliza yafa m'mawa uno.

Amalume afika titaweruka kutchalitchi. Moni, madzi akumwa, nkhani za msika wa fodya. Kenako aimirira okha n'kulowera kuseri. Ine pambuyo, chipewa m'manja. Maenje asanu ndi limodzi, dothi lakuda, timitengo touma.

"Wadzala ndani apa?"

"Ndine."

M'mutu ndayamba kale kumanga katundu wanga: njinga, wailesi, makasu awiri.

Mawu achokera kuseri kwa nkhokwe. Apongozi, nkhope atalozetsa kwina, akuuza amalume mokweza kuti ine ndimve: "Achimwene, auzeni akamwini anuwo. Zaka zonsezi ndikudikira kuti adzale mtengo ndizikhala pamthunzi, iwo n'kukatenga wa kunyanja wosadziwa chisanu. Mapeyala sakuwaona?"

Amalume awerama, atapa dothi, alifikisa m'manja, alinunkhiza. "Dothi ili ndi labwino. Koma mwayandikiza kunyumba, mizu idzang'amba khoma. Kumbani cha uko." Aloza ndi ndodo malo otsetsereka, kuyambira pachulu mpaka kukhwawa. Malo aakulu ndithu.

Choncho koko palibe, chokoleti palibe. Sabata yathunthu ya utsi ndi manyazi, mtengo wamoyo ngakhale umodzi ayi. Anthu atabalalika ndakhala pansi kuseri kwa nyumba n'kulira, sindibisa.

Peyala la njere akuti limachedwa kubereka. Amalume akuti zaka zisanu ndi ziwiri, alamu akuti khumi, apongozi akufuula kuchokera kukhitchini kuti zimatengera wothirira. Atsutsana mpaka tiyi kuzizira, ndipo palibe wafunsa ngati ndidzakhale ndidakali pano.