Jekete la Tofi ndi Malo Okulira

Lolemba, Januwale ali pakati

M'nyumba mwanga muli galu. Ndikulemba kuti tsiku lina ndidzakhulupirire ndekha.

Ndi wa agogo a Doreen a khomo loyandikana nalo. Aterereka pa masitepe a panja m'mawa, madzi ataundana ndi chisanu, athyoka m'chiuno. Akuwakweza mu ambulansi sakulira za mwendo, akulira za Tofi. Ine pakamwa panga posachedwa kulonjeza: musadandaule, ndimusunga. Ndikanatani? Titangofika kuno ku Thamesmead mu London, ndi iwo anatiphunzitsa kuyatsa hita, ife tikugona ndi zipewa.

Tofi ndi wa mtundu wothamanga uja, wamkazi, miyendo yaitali, nthiti poyera, ubweya ngati wametedwa dzulo. Kwathu ku Chiradzulu mudzi wonse ukananena kuti mwini wake ndi womana. Akunjenjemera chiyambire m'mawa.

Madzulo waimba Gary, mwana wa agogowo, amakhala kutali kumpoto. Akuti abwera Lamulungu. Akapeza kuti galu watikanika kapena wadwala, akamusiya kumalo osungira agalu osowa eni, ndipo kumeneko sabwerako. Mayi ake akadzatuluka adzapeza nyumba ili zii. Kenako akuti jekete lakale la Tofi linang'ambika, ndikagule lina kushopu.

Kugula! Ine! Munthu amene ndinasoka masuti a maukwati pakhonde ku Limbe, mabwana a m'maofesi kumaimika galimoto kuti ndingowauza kuti abwere mawa. Kuno ndimanyamula makatoni ku weyahausi, koma manja sanaiwale. Sabata ino ndili patchuthi. Makina ndawatulutsa kunsi kwa bedi, ndawathira mafuta, akulira bwinobwino.

Malamulo ndawauza a Nabanda, mayi a kunyumba, atangofika kuchokera kuwodi kumene amagwira ntchito ya unesi:

Galu agona pakhomo, pa katoni.
Pa sofa sakwera.
Mbale zathu sanunkhiza.

Angoti chabwino. Chabwino wawo ameneyo ndimamudziwa.

Lachiwiri

Kuyeza kasitomala amene saima. Tepi ikafika m'khosi iye akuyesa masewera. Koma ndinayezapo ana a sukulu akulira ndi kugubuduzika, galu ndani?

Jekete latha masana, ndipo ndinene zoona, ndi lokongola. Kunja chitenje cha maluwa achikasu, mkati bulangete lakale. Kolala yoimirira. Matumba awiri. Msoko wosaoneka ulusi. Ndipo monga amachitira telala aliyense wa chikumbumtima, ndasiya malo okulira. Yunifomu imene ndinkasokera mwana woyamba sukulu inkamufikitsa makalasi a kutsogolo, makolo n'kumandidalitsa pamsewu. Kusokera munthu chothina ndi kumubera.

Tatuluka kulowera kumtsinje. Anthu akucheuka! Mayi wina wajambula. Ine ndikuyenda pang'onopang'ono kuti aone bwino kumsana. Chingwe ndachikola pa kolala, pamene ndinaikapo kachitsulo dala.

Gologolo.

Sindinaone chilichonse, ndangomva kupepuka m'dzanja. Tofi watulukira kukhosi kwa jekete, ali uko maliseche, ine ndatsala ndikuyendetsa chovala pa udzu. Wamubweza ndi bambo wina amene amathamanga ndi kabudula m'chisanu muno. Wandipatsa galu, wayang'ana jekete, wati matumba ndi abwino. Wodziwa zinthu.

A Nabanda akuti galuyu ndi nkhalamba, mwa agalu ndi mnzawo wa agogo a Doreen, akulira kuti? Za usoki sazidziwa. Unesi ndi zina.

Pansi pa chitseko pakulowa mphepo. Tofi agona kukhitchini. Lero lokha.

Lachitatu

Malo okulira sindidula. Ndangopindira mkati, ndaika mabatani kumimba. Ndipo poti miyendo ndi imene ikuzizidwa kwambiri, ndawonjezera thalauzi la miyendo inayi, lolumikiza ku jekete. Ndione wa kushopu amene angaganize zimenezi!

Kumuveka kwatenga m'mawa wonse. Koma atavala, ndaima patali ndi kumuyang'ana, mtima uli mbee.

Tangofika pa udzu, Tofi wanyonyomala. Apa m'pamene ndakumbukira kuti makasitomala anga onse ankadzivula okha. Potulukira sindinasiye. Sindilemba zambiri. Thalauzi lili mu ndowa kubafa, ndipo mu lifti tinakwera awiriwiri, ena onse anasankha masitepe.

Pobwerera akutsimphina. Mayi wina wa agalu awiri wandiuza kuti ndi mchere umene amamwaza mumsewu kuti anthu asamaterereke. Umalowa m'zala za galu n'kumamuwotcha. Akuti tikafika kunyumba ndizimutsuka mapazi ndi madzi ofunda, ndi kupukuta mpaka aume. Ndiye ine, mkulu wa mpingo, ndagwada kukhitchini ndi beseni, ndikusambitsa galu mapazi. Koma ndasambitsa bwino, chala ndi chala.

Matailosi a kukhitchini akuzizira. Agona pabalaza pafupi ndi hita. Pansi, osati pa sofa.

Nkhuku imene inatsala dzulo mufiriji mulibe. A Nabanda akuti mwina ndinadya ndekha n'kuiwala.

Lachinayi

Kamvula kowaza, kozizira. Chitenje chamwa madzi onse a mu London, bulangete lamwa otsala. Tofi wabwera akunjenjemera kuposa akanakhala wosavala. Ndamuvula, ndamupukuta ndi thaulo langa, wayetsemula.

Masana wabwera Tembo, mnzanga wa kuntchito, wa ku Chipata. Waona zoyanika pa hita, waseka mpaka kugwira khoma. "Mudala, muvutikila chani? Galu uyu ni old, sazakula futi. Endani chabe ku shop." Ndamufunsa kuti suti ya ukwati wake itakana kutseka chaka chatha, anaimasula ndani, nanga inamasuka chifukwa chiyani. Chifukwa telala wake wa ku Chipata anasiya malo! Wasintha nkhani, wayamba za mpira.

Madzulo a Nabanda adutsira kuwodi ya agogo a Doreen asanaweruke, aimba pa vidiyo. Agogo afota, pa pilo akuoneka ang'onoang'ono. Akuti sakudya, thileyi ya chakudya ikubwerera mmene yapitira. Funso lawo ndi limodzi, kodi Tofi akufunda? Ndati akufunda kwambiri, uku ndikukankhira jekete lonyowa kunsi kwa tebulo ndi phazi. Zandipweteka. Galu ameneyu akapita, agogo aja sadzukanso pa bedi lija, ndaona ndekha m'maso mwawo.

Tofi atamva mawu awo walira, walumphira pa sofa kufuna foni. Sindinamutsitse. Ali pomwepo mpaka pano.

Lachisanu

Nzeru zandipeza ndikusamba. Katani la kubafa! Sililowa madzi, ndi ntchito yake yomweyo. Ndadikira a Nabanda apite kuntchito, ndadula.

Jekete latsopano:

Kunja pulasitiki ya nsomba zabuluu.
Mkati bulangete louma.
Chipewa chake.
Nsapato, za masokosi anga a kutchalitchi.
Kumbuyo kotsegula, ndaphunzira.
Malo okulira, ndithu.

Vuto ndi limodzi, limalira. Tofi akasuntha, khwakhwa. Akamva khwakhwa, aima. Akaima phokoso litha, ndiye asuntha, khwakhwa. Miyendo akuikweza m'mwamba ngati waponda moto. Tayenda chonchi mpaka pa siteji ya basi, pamenepo wauma, kutsogolo ayi, kumbuyo ayi, sinowo n'kuyamba kugwa. Ndanyengerera m'Chichewa, ndanyengerera m'Chingerezi. Mapeto ake ndamuvula, ndamunyamula m'manja mpaka kunyumba, mapewa atsala pang'ono kuguluka. A m'basi ina anandiwombera m'manja pawindo. Ndikukhulupirira kuti anaona chipewa.

Chinthu chimodzi ndachiona. Ali pachifuwa panga, wasiya kunjenjemera.

A Nabanda asamba, madzi ali mbwee pansi mpaka pakhomo. Sanakalipe. Angofunsa ngati makatani a pabalaza awachotse okha awabise, kapena ndatopa.

Mphuno ya Tofi ikuchucha, ndipo Lamulungu layandikira. Ndikuopa. Agona kuchipinda, kumiyendo kwa bedi. Kumiyendo ya a Nabanda, osati yanga.

Masoseji nawo asowa.

Loweruka

A Nabanda akuti timutengere Tofi kuchipatala, agogo akamuonere pawindo poti wodi yawo ndi yapansi. Ndayala ntchito zanga zonse pa bedi kuti tisankhe. Tofi waziona, walowa kunsi kwa tebulo.

Kunja mphepo ya kumtsinje ikudula makutu. A Nabanda atenga chitenje china, chosadula, chosasoka, akuti ndiwerame. Iwo msana wawo unatha kale ndi kutembenuza odwala. Ndayamba kufotokoza kuti ine ndine mwamuna, ndiponso anthu amandidziwa. Andidula.

"Abambo, mukufuna ulemu kapena mukufuna galu afike mawa ali bwino? Weramani."

Ndawerama. Ndabereka galu.

Amanga mfundo pachifuwa, apinda miyendo ija mkati, afunditsa shawelo pamwamba mpaka kumutu. Tofi wangoti phee, chibwano paphewa panga, kutentha kwake kukundilowa kumsana. Kunjenjemera kwatheratu.

Pa siteji tapeza mayi Chirwa, a pampando a amayi kumpingo kwathu. London yonseyi, anthu ake osawerengeka, koma ndi iwo! Akudziwa kuti mwana wathu Chikondi wa ku Croydon ndi woyembekezera. Aona mtolo kumsana, aika zikwama pansi, aimba kanthungululu kapansipansi. "Aa, mpaka kutibisira mdzukulu? Tabwerani kuno timuone mlendo." Ndisanatsegule pakamwa, avundukula shawelo. Mphuno yaitali yatuluka, yawanyambita magalasi.

M'basi sanatiyankhule, chala chokha chinali pa foni. Pofika kuchipatala nkhani inali itafika pa gulu la mpingo, ndipo achemwali anga ku Chiradzulu anali atafunsa kale ngati ku Ulaya kwandisokoneza mutu.

Koma pawindo paja! Agogo awabweretsa pa njinga ya odwala, ine ndatembenuka kuwapatsa msana. Aseka mpaka misozi, aika dzanja pa galasi, Tofi akunyambita mbali inayi, mchira ukundikwapula m'nthiti. Taima m'chisanumo nthawi yaitali, sindinamve kuzizira. Tisanachoke, nesi mnzawo wa a Nabanda watuluka kudzatiuza kuti agogo apempha chakudya chawo chija chibwerere.

Pobwerera ndayenda mutu uli m'mwamba. Mfundo sinamasuke njira yonse. A Nabanda avomereza okha kuti amuna ambiri sangabereke mowongoka chonchi.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita. Abusa pa zolengeza ati tikumbukire banja limene lalandira mlendo, mpingo wonse wagwidwa chifuwa nthawi imodzi. Ndaimirira, ndakweza dzanja. Ndikanatani?

Masana Gary wafika. Wapeza Tofi ali pa mpando wanga wa pafupi ndi hita, ine ndili pa kasitulu ka kukhitchini. Wamusisita, wamuyang'ana mapazi, wamugwira mphuno, yasiya kuchucha. Akuti sanamuonepo ali bwino chonchi. Za kumalo osungira agalu kuja sanatchulenso, akuti akhale nafe mpaka mayi ake atuluke. Ndathokoza mwaulemu, ndapita kubafa kukapukuta m'maso, pobisala palibe poti katani ndinadula.

Wabweretsa jekete la kushopu. Lotuwa, lopanda kolala, thumba ngakhale limodzi, msoko wa munthu wothamangira kuweruka. Koma ndivomere: silimwa madzi, sililira, kumbuyo ndi kotsegula. Tofi waliona, wagwedeza mchira, walowetsa mutu yekha. Zandiwawa, ndameza. Ntchito zanga za sabata yonse ndazipinda, zili kunsi kwa bedi. Malamulo a Lolemba aja palibe amene akuwakumbuka, ngakhale ine.

Kenako Gary akuti amange lamba wa kumimba. Sakufika! Wakoka, sakufika. Wayang'ana saizi, akuti ndi yomweyo imene amagula nthawi zonse. A Nabanda ayamba kuyang'ana kudenga, ndipo ndadziwa kumene kunapita nkhuku ndi masoseji.

Wakula. Galu wakula! Tembo amve, a Nabanda amve. Ndatembenuza jekete kufunafuna poti ndimasule, palibe, anadula ndendende, osasiya ngakhale chala chimodzi.

Gary wafunsa mwaulemu ngati ndingathe kuwonjezerapo kansalu. Ndaliyang'ana nthawi yaitali, ndausa moyo, ndakoleka tepi m'khosi. Ndamuuza kuti alisiye, abwere mawa.

Pakali pano nthawi yoyenda yakwana, kunja kukuzizira, ndipo Tofi waima pakhomo ataluma chitenje. Ndikawerame.