Nambala ya Tariro m'Mabowo a Chikhakha

"Suja dzulo umauza anthu onse a kuno ku Kuwadzana kuti chikhakha chako sichiopa madzi? Tsuka mbale!" anatero amayi. Pamenepo m'pamene moyo wanga unathera, koma ndiyambe poyambira.

Nditangolemba mayeso a Fomu 4 ndinadumpha mu kombi isanaime (ndinauluka mpaka kuona madenga a ku Mbare, ndikulumbira). Mkono phwa! Malume, amene amagwira ntchito kumafakitale a ku Workington, anagwirizana ndi adokotala kuti chikhakha changa achipange ndi makina a 3D, aja otulutsa chinthu chenicheni ngati mmene pulinta imatulutsira pepala. Chinabwera chabuluu, chopepuka, chamabowo ngati dengu la anyezi.

Poyamba ndinali bwana. Kenako ndinayamba kusowa chikhakha changa chakale cha Giredi 5, choyera chija, cholemera ngati njerwa. Chinkanunkha, chinkayabwa mpaka ndimakanda ndi singano yolukira ya amayi, koma kalasi yonse inalembapo. Ngakhale aphunzitsi anasainapo! Masiku amenewo kuthyoka kunali ndi ulemu. Ichi chatsopanochi ulembapo pati, pabowo?

Ndiye Lachisanu pamashopu ndinakumana ndi Tariro, mtsikana amene ndakhala ndikumuyang'ana kuyambira Fomu 1 osanena kanthu. Mnzanga Tinashe anali pomwepo.

"Ukanalemba nambala yako, koma malo palibe," ndinatero.

"Bweretsa dzanjalo."

Anatenga cholembera n'kulemba pakhungu penipeni, bowo lililonse nambala imodzi. Foni ndinali nditaisiya pa chaja, ndiye ndinathamangira kunyumba mkono uli m'mwamba ngati mbendera.

Pakhomo, amayi ndi beseni.

"Amayi, adokotala anati..."

"Adokotala anati chimalowa m'madzi. Ndinalipo."

"Mphindi imodzi yokha, nditenge foni!"

"Foniyo ndi imene yakulepheretsa kutsuka chim'mawa. Viika!"

Ndinaviika (amayi anga sakanidwa kawiri). Potulutsa panatsala 0 ndi 7 basi, zomwe munthu aliyense mu Zimbabwe ali nazo koyambirira kwa nambala yake. Chikhakha chakale chikanandipulumutsa: nambala ikanakhala milungu isanu ndi umodzi, mbale osakhudza n'komwe. Kudzitama n'koipa, ndaphunzira. Mwina.

Ndinajambula mkonowo n'kuika pa sitetasi: "Sayansi yandilanda mkazi."

Tinashe anayankha msangamsanga: "Shamwari, mnzanga, usalire. Ine ndimawerenga akulemba. Analemba manambala asanu ndi awiri okha, osati khumi."