Njanji ya a Casimiro ndi Tebulo la Mayi Zulmira

Ku Namacula, mumzinda wa Lichinga, kunalibe munthu wosiya thabwa panja a Casimiro ali moyo. Atapuma ntchito ya boma, mphwawo wa ku Nampula anawatumizira kasitima koyendera mabatire, kotalika ngati chinangwa, ndi tinjanji take. Mutu wa a Casimiro unazungulira pomwepo. Anati amanga njanji yawoyawo chidutswachidutswa, thabwa lililonse likhale dera lake, koma mapeto ake azilumikizana ndi a linzake. Ankayenda ndi kandodo koyezera m'thumba la jekete.

Amene anaziona ndi akazi awo, mayi Zulmira. Tsiku lina m'mawa anapeza chimbudzi chilibe chitseko.

"Bambo a Dalva, chitseko chili kuti?"

"Chasanduka siteshoni ya Cuamba. Bwerani muone."

Anachipezadi pakhonde chitadulidwa pakati, pamwamba pake pali phiri la utuchi ndi timitengo ta paini topangidwa ndi siponji. Matabwa a bedi anatsatira, banja n'kugona pamphasa nyengo yonse yozizira, ndipo chisanu cha Lichinga sichiseka ndi munthu. Pamaliro ena mkuluyu anapezeka akuyeza chivundikiro cha bokosi, mpaka wotsogolera nyimbo anaiwala ndime.

Nyumba itadzaza, anayamba kusungitsa zidutswazo kwa anansi. A Mwinyi, ogulitsa usipa wa ku Meponda, anapatsidwa mlatho kuti ausunge pansi pa bedi.

"Wallahi achimwene, mkazi wanga akuti tikugona pamwamba pa mtsinje. Mudzalumikiza liti zimenezi?"

"Pakusowa chidutswa chimodzi," anayankha a Casimiro. Yankho linali lomwelo chaka ndi chaka.

Chinthu chimodzi mayi Zulmira anakaniza kwamtuwagalu: tebulo lawo la mlombwa. Analisenza okha pamutu pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndipo pa katundu wawo yense ndi lokhalo linafika kuno. Koma mwamunayo sankatha kulidutsa osaliyika kandodo.

"Tsiku limene macheka adzakhudze tebulo ili, ukwati watha."

"Sindikulicheka, mayi a Dalva. Ndikungoliyeza."

Sanawakhulupirire. Popita kumsika ankalitsekera kuchipinda, kiyi n'kumangirira kunsonga ya nsalu.

A Casimiro anatisiya chaka chatha. Maliro atatha, mayiwo anafuna kungosonkhera moto matabwa onsewo, poti mtima unali ukuwawabe ndi chitseko chija. A Mwinyi anapempha kuti alumikize kaye kamodzi kokha. Anansi anatulutsa zidutswa m'nyumba zawo, chilichonse ndi miyendo yake, n'kuzindandalika pabwalo. Zinagwirana bwinobwino, Cuamba, mlatho, phiri, mpaka njanji inazungulira bwalo lonse. Panangotsala mpata umodzi pafupi ndi khomo.

Anthu anayamba kulozana zala kuti wina anaphikira thabwa la malemu. Mayi Zulmira anauyang'anitsitsa mpatawo.

"A Mwinyi, tandithandizani kunyamula."

Tebulo linalowa ndendende, m'litali ndi mumsinkhu momwe, osasiya ngakhale polowa chala. Zaka zonsezo mkuluyu ankadulira thabwa lililonse pa muyeso wa tebulo la mkazi wake, kudikira tsiku limene mwini wake adzalitulutse yekha. Anansi anayala tinjanji totsala pamwamba pake, kasitima kanadutsa.

Mayi Zulmira anakhala pansi pafumbi. "Munthu ameneyu akanangonena," anatero, ndipo analira kuposa mmene analirira kumanda.

Masiku ano matabwa amagona panja ku Namacula, zitseko zili m'malo mwake, ndipo kunena zoona sikukomanso. Tebulo lija lili pakhonde, tinjanji tili pamwamba pake mpaka lero. Mayi Zulmira amadyera pamphasa.