Ngolo ya Gudumu Limodzi

Lolemba

Ngolo ya amalume ili pamsewu, kutsogolo kwa nyumba yathu, chopendekera. Yatsala ndi gudumu limodzi. Linalo linathyoka dzulo madzulo, ndipo m'mawa uno amalume alisenza kupita nalo kwa wosula zitsulo ku Chinakanaka. Akuti abwera mawa. Amayi akuti mawa la alongo awo amalidziwa bwino.

Amalume sanena kuti ngolo. Amati galeta, chifukwa anaigula kwa Apwitikizi kutsidya kwa malire. Ndi yokoka ndi manja. Amanyamulira chinangwa ndi nandolo za anthu, ndipo chinthu china cha mtengo wapatali alibe.

Masana akubwera Che Saidi, mesenjala wa ku Boma. Ndikuyamba kuona kabango kamene amapanirapo makalata, kakuyenda pamwamba pa chinangwa chathu. Kenako chisoti chofiira. Kenako eni ake. Ndikuthawira kuseri kwa nkhokwe, koma Amayi akundiitana, chifukwa pakhomo pano wodziwa kuwerenga ndine ndekha.

Kalatayo ikuti ngolo yaima pamsewu wa Boma, pamene pamadutsa machila a Bwana. Ichoke Loweruka lisanafike. Ikapanda kuchoka idzalandidwa, ndipo mwini khomo adzakayankha pamaso pa Bwana.

Mwini khomo ndi Amayi. Abambo ali kuntchito ku Halale, komanso malo ano ndi akuchikazi. Amayi akuti, "Ine Chinyanja cha ku Boma sindichitha. Unaphunzira ndiwe, ukayankha ndiwe."

Ine. Amene ndinaima pakati pa tchalitchi tsiku la ubatizo wanga, vesi lili m'mutu lonse bwinobwino, koma pakamwa osatseguka, mpaka aphunzitsi analinena okha.

Zoyenera kuchita:
Kuchotsa ngolo pamsewu mawa m'mamawa.
Kusunga kalatayi pouma, m'buku la nyimbo.
Kusapita ku Boma.

Si zovuta. Ngolo ndi yaing'ono.

Lachiwiri

Si yaing'ono.

Tikukankha atatu: ine, Amayi, ndi mai Esinati a nyumba yoyandikana nafe. Ndayamba ndasesa njira yonse imene ngolo idutse, ndatolanso timiyala. Koma ngolo ya gudumu limodzi siyenda molunjika. Imangozungulira. Tikakankha kuti ipite pabwalo, ikuloza kudambo. Tikakoka, ikuloza kwa mai Esinati. Amayi akuitukwana m'Chilomwe, akuti mwina Chinyanja siimva poti ndi ya kutsidya.

Mai Esinati akuti tiikankhe mwamphamvu kamodzi kokha. Tikutero. Yayenda ndithu! Yakwera kamtunda kathu, yadutsa pabwalo, yakaima m'kati mwa mpanda wa khola.

Mbuzi zonse zatuluka.

Tsiku lonse ndakhala ndikuthamangitsa mbuzi. Ziwiri ndazipeza pamsewu. Yamathothomathotho ija ndaipeza m'maluwa a akalaliki a ku Boma, pakamwa pali duwa lofiira. Palibe wandiona. Ndatola tizidutswa ta duwalo, ndabwezera pa tsinde pake, ngakhale ndikudziwa kuti silingamere.

Madzulo kabango kaja kakuonekanso pamwamba pa chinangwa. Kalata yachiwiri: ziweto zoyenda pamsewu wa Boma popanda wozilondera, ndiponso mpanda wakugwa.

Ndikuloza ngolo ndi chala, kuti aone kuti yachoka pamsewu. Mawu sakutuluka. Che Saidi akuizungulira pang'onopang'ono, akuyang'ana m'kati. Akuti, "Chemwali, mwayesetsa. Koma ikagwa mvula m'menemu mudzaza madzi. Bwana dokotala safuna madzi ongokhala pafupi ndi nyumba, akuti amabala udzudzu. Pano ndikungokuuzani ngati mwana wanga. Ndikadzapeza madzi, ndidzabwera ndi pepala."

Amalume sanabwere.

Lachitatu

Chiperoni. Phiri silikuoneka n'komwe. Kamvula kakungowaza, ndipo m'ngolo mwadzaza kale madzi. Ndatunga ndi chikho, ndapukuta ndi chiguduli. Pomwe ndikutembenuka, mwayambanso kulowa ena.

Ndaganiza bwino. Madzi akuchokera kumwamba. Choncho pakufunika chotchinga kumwamba.

Zimene ndasonkhanitsa:
nsichi zinayi zotsala pomanga nkhokwe
nsungwi
luzi
udzu umene Amayi amasungira denga la chaka chamawa (ndapempha)

Ndinkafuna kungoponyapo udzu pang'ono. Koma udzu wongoponyapo umaoneka mwauve, ndipo ine sindingathe kusiya chinthu chili chokhota. Ndazika nsichi mofanana. Ndamanga phaso. Ndafolera mizere mizere, kuyambira m'munsi, monga anandiphunzitsira Abambo asanapite. M'mbali ndadula ndi mpeni kuti udzu ulingane. Mbali ya mphepo ndatchingako ndi mphasa yakale, kuti mvula isamalowere cham'mbali. Poti pansi panali matope, ndazirapo.

Mai Esinati akuti, "Mwamuna amene adzakukwatire iwe adzangogona."

M'ngolo simukulowanso dontho ndi limodzi lomwe. Ndamanganso mpanda wa khola, ngolo ndaisiya kunja kwake. Mbuzi zili m'kati. Ngolo siili pamsewu. Madzi palibe. Ndawerenganso makalata onse awiri, mawu ndi mawu, ndipo palibe chimene chatsala.

Lero ndigona bwino. Amalume sanabwere, koma zilibe kanthu.

Lachinayi

Ndikudzuka, ndikumva fungo la utsi. Ukutuluka pa denga la ngolo.

Amayi asamutsira mafuwa kumeneko. Akhala pansi pa denga langa, miyendo atatambasula, akuphika nyemba za kalongonda. Miphika aisanja m'ngolo, akuti ndi thandala labwino. Nkhuku yathu yakuda yaikiramo kale dzira. Akuti, "Chikwatiwire ndakhala ndikuphikira pamvula. Iwe wamangira ngolo nyumba, mayi wako ali panja?"

Ndikuwapempha kuti atuluke Che Saidi asanadutse. Akuti kalongonda sachotsedwa pamoto asanapse, amaledzeretsa.

Che Saidi afika. Aima nthawi yaitali. Akuyang'ana denga, akuyang'ana utsi, akuyang'ana Amayi. Akuti, "Mwamanga liti nyumbayi?"

Amayi akuti si nyumba, ndi ngolo.

Che Saidi akuti, "Amayi, ine ndinauzidwa zinthu zitatu. Denga la udzu, utsi, ndi munthu m'kati. Zikakwana, ndi nyumba. Nyumba iliyonse ili ndi msonkho wake, ndipo yatsopano imayamba yanenedwa ku Boma."

Amayi akuti, "Nyumba munaiona kuti yokhala ndi gudumu?"

Che Saidi akuti za gudumu sanauzidwe.

Alandira mbale ya kalongonda, adya atakhala m'nyumbamo chifukwa kunja kukugwa mvula, ayamikira kuti denga silidontha. Madzulo abwera ndi kalata yachitatu.

Buku la nyimbo silikutsekekanso bwino.

Ndalira pang'ono kuseri kwa nkhokwe. Kenako ndakumbukira kuti mawa ndi Lachisanu, ndipo Che Saidi ndi Msilamu, adzakhala kumzikiti. Tili ndi tsiku lathunthu lopanda kabango.

Zochita mawa:
Kugwetsa denga.
Kubweza mafuwa.
Kusamanganso chilichonse.

Lachisanu

Amayi akana. Akuti amene akhudze dengalo ayambe wawakhudza iwo. Agwira nsichi ndi manja awiri.

Mai Esinati abwera ndi nzeru. Akuti vuto ndi loti ngolo ndi denga zili pamodzi, ndiye Boma likusokonezeka. Tikazilekanitsa, denga likhala khitchini, ngolo ikhala ngolo. Zikumveka zoona. Ndaganizira mbali zonse, sindikupeza cholakwa.

Ndatulutsa miphika umodziumodzi. Ndasamutsa nkhuku pamodzi ndi dzira lake. Ndachotsa mwala umene ndinatsekera gudumu.

Mwalawo ndinayenera kuchotsa pomaliza.

Pabwalo pathu ndi potsetsereka, ndipo ndi mvulayi dothi likuterera ngati therere. Ngolo imene inakana kuyenda molunjika Lachiwiri, lero yayenda yokha. Yatuluka pansi pa denga, yagwetsa mpanda wa khola umene ndinamanga dzana, yadutsa pabwalo, yatsika kamtunda, yakaima pamsewu. Pamalo pomwe paja. Chizindikiro cha gudumu cha Lolemba chikuonekabe, ndipo gudumu lalowa momwemo.

Mbuzi zatuluka.

Tayesa kuikweza. Mai Esinati agwa chagada m'matope, apita kwawo osatsanzika. Amayi abwerera kukhitchini yawo.

Tsono zinthu zili chonchi:
ngolo ili pamsewu
mpanda wagwa
mbuzi zayenda (ndazibweza, koma zinayenda)
nyumba yatsopano ilipo, ikufuka utsi
m'ngolo mwayamba kudzaza madzi

Lolemba panali mlandu umodzi.

Munthu wochokera ku Chinakanaka akuti anawaona amalume. Gudumu linatha kale Lachitatu, koma kuli ukwati.

Ndalemba zonse zimene ndikanene mawa. Aphunzitsi amati choonadi chosiyira panjira ndi bodza, choncho sindinasiye kanthu. Ndayeserera kuwerenga pamaso pa mbuzi. Pamaso pa mbuzi ndimatha.

Loweruka

Ku Boma. Ndavala nsalu yanga ya kutchalitchi. Pakhonde padzaza anthu: a milandu ya malire a minda, a milandu ya ukwati, asilikali, ndi ena ongobwera kudzamvera. Bwana akhala kuseri kwa tebulo, nkhope yofiira. Pambali pawo paima womasulira. Akalaliki a maluwa aja akulemba. Amayi akhala kumbuyo kwenikweni, adzifunditsa nsalu kumutu ngati sakundidziwa.

Akuitana khomo lathu. Ndikuimirira, pepala lili m'manja. Ndikuyamba kuwerenga.

Womasulira akuti, "Kweza mawu, mtsikana."

Ndikukweza.

"Bwana akuti akungoona milomo."

Ndikutseka maso pang'ono, ndikuganiza kuti onsewa ndi mbuzi. Mawu akutuluka, aakulu, sindikudziwa kumene akuchokera. Ndipo atatuluka sakufunanso kuima. Ndikuwerenga za ngolo, za mpanda, za denga. Kenako ndikufika pa zimene Che Saidi sanaone: kuti mpanda unagwa kawiri osati kamodzi, kuti madzi anakhala m'ngolo usiku wonse, kuti mbuzi yathu ndiyo inadya duwa lofiira la akalaliki. Akalaliki asiya kulemba. Ndikuona Amayi akundipukusira mutu pansi pa nsalu. Koma zalembedwa, ndipo kudumpha mzere sindinazolowere. Ndikuwerenganso kuti chimbudzi chathu chilibe chivundikiro chiyambire Khirisimasi, ndipo kuti timabwereka chimbudzi cha mai Esinati, chimenenso chilibe chivundikiro.

Khonde lonse lamva. Msilikali wina watembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Che Saidi akuyang'ana kudenga.

Bwana afunsa funso limodzi lokha: mwini ngolo ali kuti? Ndikuti ali ku ukwati ndi gudumu. Womasulira wamasulira, ndipo Bwana apukuta m'maso ndi kansalu.

Chigamulo:
Ngolo yalandidwa, ikhala ku Boma mpaka mwini wake adzaonekere yekha.
Denga ndi khitchini, bola munthu asagonemo.
Zimbudzi zonse ziwiri zivundikiridwe.
Akalaliki tiwapatse nkhuku.

Ndikuganiza kuti zatha. Ndagwada kale kuti ndizipita. Womasulira akuti, "Dikira. Bwana akuti anthu kuno amaswa malamulo a ukhondo chifukwa palibe wowawerengera momveka. Akuti iwe uli ndi mawu amphamvu, ndipo susiya kanthu. Uziwerengera anthu malamulowa Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi. Kuyambira mawa."

Andipatsa mapepala. Ndi ambiri.

Madzulo akaidi abwera, asenza ngolo pamapewa ngati machila. Mwachangu, mosavuta. Ife sitinaganizeko zonyamula.

Mai Esinati sakundiyankhula.

Lamulungu

Ndawerenga. Pansi pa mtengo wa mango, panja pa tchalitchi, mpingo wonse uli chilili. Za udzu wautali, za maenje a zinyalala, za ziweto, za madzi ongokhala. Nditafika pa zivundikiro za zimbudzi, onse atembenuka kuyang'ana mai Esinati. Aphunzitsi akuti, "Tsono vesi lija linakuvuta chiyani?" Akuti sabata yamawa ndiwerengenso mawu a m'Buku m'tchalitchi, poti zadziwika kuti ndimatha.

Pobwerera kunyumba azimayi akundipatukira njira. Ena akuthamangira kukasesa pabwalo ndisanadutse.

Amayi ali m'khitchini yawo, akuimba. Mwa ife tonse, apindula ndi iwo okha. Nkhuku yakuda yapita kwa akalaliki, dzira latsala.

Masana afika amalume, akugubuduza gudumu, atavala nkhata ya maluwa ofota pachipewa. Aima pamsewu, akuyang'ana uku ndi uku. Akuti, "Mphwanga, galeta yanga ili kuti?"

Ndawauza zonse, mwadongosolo, kuyambira Lolemba. Akuti ndisakuwe, ali pafupi. Akuti ku Boma apita mawa. Amayi aseka m'khitchini.

Gudumu alisiya pomwe anaima, pakati pa msewu, akuti latopetsa. Apita kukagona. Mvula yayambanso, ndiye alowa pouma, m'khitchini. Denga la udzu, utsi, munthu wagona m'kati.

Ndayesa kukweza gudumu pa kamtunda. Ndi lachitsulo, labwerera.

Pamwamba pa chinangwa pakuyenda kabango. Lamulungu si tsiku lopuma la Che Saidi.

Sindikuthawira kunkhokwe. Ndatsegula buku la nyimbo kuti ndione ngati mungalowe pepala lina. Mulowa limodzi.