Ndinalonjeza gogo ulendo wa ku Colombia

Munthu akakuuzani kuti waphunzira chilankhulo pa foni, mufunseni ngati waphunziranso kumva mayankho. Ine ndinangoloweza mafunso, ndipo ntchito inatsala pang'ono kundithera.

Ndinali nditangoyamba kumene pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Brampton, m'dziko la Canada, ndikadali pa miyezi yoyesedwa ija. Anandipatsa gogo wina wa ku Colombia, Mayi Rosa, amene ukalamba unawalanda Chingerezi n'kuwasiyira Chisipanishi chokha. Chakudya cham'mawa sankachikhudza n'komwe. Nesi wathu wamkulu, mayi wa ku Lusaka, sanandibisire. "Bakapitiliza kuluza weight, family izafuna munthu wina. Mwamvela?" Ndinamva, ndipo mantha anandigwira zenizeni.

Ndiye m'basi ndinkangobwebweta ndi foni, anthu akundiyang'ana cham'mbali. "¿Qué quiere desayunar? ¿Huevos? ¿Avena?" Ndiko kuti, mudya chiyani m'mawa uno, mazira kapena phala? Ndinabwereza mpaka lilime linawongoka ngati la wobadwira komweko. (Dzenje ndinadzikumbira pamenepa.)

Tsiku lake ndinagwada pambali pa mpando wawo, monga tinaleredwera, n'kufunsa. Maso a gogo anawala. Anandigwira dzanja n'kuyamba kuyankhula, mawu akutsika ngati mvula pa malata. Ine sindinatolepo kanthu. Koma mukudziwa inu, kwathu wamkulu akamayankhula sum'dula pakamwa, umangovomera. Akapuma, ine "Sí." Akakweza mawu, ine "Sí, sí, mama." Akaloza pawindo, ine "Sí," ndi mutu womwe.

Phala anamaliza. Mazira anamaliza. Anaitanitsanso buledi. Ndinatuluka m'chipindamo mapewa ali m'mwamba (ndinafika pojambula mbale yopanda kanthuyo, ndikuuzeni).

Chakumasana ndinangomva alamu ya chitseko chachikulu ikulira. Kuthamangira kuja, ndinapeza gogo atavala chikhothi ndi chipewa, sutikesi ili pamiyendo, akukana kuchoka pakhomo. Atandiona anayamba kundikodola mosangalala. Mwana wawo wamkazi anali ataimbiridwa kale, ndipo anachita kuchoka kuntchito ku Toronto n'kuthamangira kuno.

"Imwe, mwabapromisa chani amai aba?" anandifunsa nesi uja.

Mwana wawo atafika anamvetsera mayi akewo, kenako anatimasulira. Zoona zake, m'mawa muja gogo anandifunsa ngati ndine amene ndabwera kudzawatenga kupita kwawo. Ndinavomera. Ngati ndege ndi ya lero. Ndinavomera. Ngati amuna awo akawachingamire ku bwalo la ndege. Ndinavomera kawiri, koma bambowo anamwalira kalekale. Ndipo anadya chonse chija chifukwa wapaulendo sanyamuka ndi njala.

Ndinayamba kuganiza zoti ndikawauza chiyani ana anga amene amadya za ntchito imeneyi. Ndinapepesa m'Chingerezi, mpaka Chichewa chinatulukira chokha.

Mwana wa gogoyo anayang'ana sutikesi ija. Kenako anapukuta misozi n'kunena kuti, "Amadya mukawafunsa inu. Mawa mudzawafunsenso. Za ulendo vomerani, madzulo amakhala ataiwala. Koma chonde, za bambo anga musamavomere."

Ntchito ndikadali nayo. M'mawa gogo amadya, ine ndimavomera, madzulo ndimabwezera zovala m'kabati. Kungoti mawu awo amathamangabe, ndipo funso la bambo aja sindilizindikira mpaka lero. Ndiye "sí" aliyense ndimamutulutsa ndikunjenjemera.