Ndikufuna Kuyambana ndi a ku Ofesi

Lolemba

A ku Blantyre ayankha: ntchito ndi yanga! Ntchito yomweyi yolemba mapulogalamu a kompyuta, koma malipiro ake, ee, ndachita kukhala pansi. Akufuna yankho pofika Lamulungu.

Mayi a kunyumba ndi oyembekezera, masiku ayandikira. Akuti: "Kuseka kwa ku ofesi kwanuko sikugula matewera." Sakunama. Zimene timalandira pano pa Zomba, ukauza anzako a ku koleji amayamba akufunsa ngati ndi za pa sabata.

Vuto ndi limodzi. Ndiwatsanzika bwanji anthu amenewa, poti sanandilakwirepo? Ndiye pulani nayi: ndiyambane ndi wina pofika Lachisanu, ndichoke nditakwiya, mtima uli mbee.

Oti ndiyambane nawo:
Mayi Makwinja, eni kampani. Ovuta, sakweza mawu.
A Jafali a netiweki. Ovuta, amaseka usanamalize chiganizo.
Tadala, mtsikana amene timalemba naye khodi ya mapulogalamu. Uyu mwina, magazi akadali otentha.

Ofesi yonse ndi yomweyo basi.

Lachiwiri

Lero ndi la Mayi Makwinja. Ndachedwa dala. Ndayamba ndakhala pa Chikanda kuonerera bawo mpaka dzuwa lafika pamutu. Ndalowa osapereka moni, nkhope ili ndwii, mayankho amwano ali okonzeka kale pakamwa.

Iwo atuluka mu ofesi mwawo: "Mayi a kunyumba adzuka bwanji? Kapena zayamba?"

Ndisanatsegule pakamwa a Jafali atola kale makiyi a galimoto. Akuti lero ndi la sikelo, alamu awo sangamayende wapansi kupita kusikelo kampani ili ndi galimoto. Awatenga, awadikirira, awabweza, ndi mbale ya mabulosi a kuphiri pamwamba.

Madzulo mayi akuti: "Koma a Jafali aja ndi munthu."

Nanga ine ndi chiyani, abale?

Lachitatu

Tadala. Ndatsegula khodi yake ya pulogalamu yosunga mayina a ana m'masukulu, ndayamba kuinyoza mokweza kuti aliyense amve. Ndati apa magetsi atangozima pang'ono, mayina a ana onse asowa. Ndangolankhula kuti ndimupute.

Waimirira. Ndati eya, zayamba. Wazula waya pakhoma kuti aone. Mayina asowadi!

Wandigwira dzanja ndi manja awiri. "Achimwene, mwandipulumutsa." Mayi Makwinja aitanitsa zitumbuwa za ofesi yonse m'dzina langa.

Masana ndakana kukadya nawo pansi pa mtengo wa mango monga mwa masiku onse. Ndatsala pa desiki, ndatseka makutu ndi mahedifoni. Posakhalitsa onse alowa ndi mbale zawo, andizungulira. A Jafali akuti panja pali mphepo. Kunja kulibe ngakhale tsamba logwedezeka.

Anthu awa ndi ovuta kudana nawo, ndithu.

Lachinayi

Zamasewera zatha. Lero ndapita pamutu penipeni pa nkhani. Ndagogoda kwa Mayi Makwinja, ndati malipiro akundichepera, akweze. Akakana, mkwiyo wanga ndi womwewo.

Akanadi. Koma makanidwe ake! Akuti akudziwa bwino kuti amatilipira mochepera kusiyana ndi kwina, ndipo zimawasowetsa tulo, koma masukulu amene timawagwirira ntchito ndi osauka, ndipo sangandilonjeze zimene alibe. Osazemba, osandiuza za chaka chamawa.

Kenako: "A ku Blantyre aja anandiimbira sabata yatha kufunsa za inu. Ndinawauza kuti akakusiyani ndiye kuti mitu yawo sikuyenda."

Ase! Ndiye sabata yonseyi ndakhala ndikuvina ndekha anthu akungondionerera?

Ndatuluka. A Jafali andiyang'ana, aseka. Nawonso akudziwa. Tadala akudziwa. Mwina ndi ogulitsa mabulosi omwe.

Lachisanu

Ndaganiza. Sindipita.

Zifukwa:
Bwana wonena zoona pamaso pako, ku Blantyre ndikamupeza pati?
Tiyi wa a Jafali wa tsabola ndi jinja.
Kuno ukalakwitsa khodi amakokera mpando pafupi, kwina amakokera dzina lako ku msonkhano.
Phiri ili ndimaliona ndili pa desiki.

Matewera tidzaona. Ndawauza mayi a kunyumba m'mawa. Sanakalipe. Angoti, "Inu ndi amene mukudziwa," n'kupitiriza kusoka kamalaya ka mwana kuchokera ku shati yanga yakale. Bola akanakalipa.

Ndafika ku ofesi molawirira kuti ndilengeze. Ndapeza:
A Jafali andipezera kale nyumba ku Zingwangwa, ya msuweni wawo, madzi ali pakhomo.
Tadala wakonza mafunso oti ndimuphunzitse ndisanachoke, ndipo wakhala kale pa mpando wanga wabwino uja "kuti auzolowere".
Mbuzi yamangidwa pa mtengo wa mango.

Ndafunsa za mbuziyo. Akuti ndi ya mawa, kuphiri, yonditsanzika ine. Asonkha atatu, pa malipiro omwe aja.

Munthu unganene bwanji kuti sukupita mbuzi ikukuyang'ana?

Loweruka

Kuphiri, m'mbali mwa damu la Mulunguzi. Kukuzizira, utsi wa kanyenya ukulowa m'mapaini. Mayi a kunyumba awakhazika pa mpando wokhawo, awafunditsa jekete ya a Jafali, akuseka ngati si omwe aja a matewera.

Pulani yatsopano: ikafika nthawi yanga yolankhula, ndiima n'kunena kuti ndikukhala. Adzasangalala. Mbuzi idzangosanduka ya chikondwerero.

A Jafali alankhula, afika pakati, mawu awathera, anamizira utsi. Tadala wanena za waya uja, akuti ndinamudzudzula mwachikondi. Mwachikondi!

Ndikuti ndiimirire, Mayi Makwinja andikoka malaya, andinong'oneza: "Ndakuonani kuyambira dzulo. Musayerekeze. Mukakhala chifukwa cha ife, mwana wanuyo ndidzamuyang'ana bwanji?"

Ndaima. Onse akundiyang'ana. Ndati, "Zikomo." Ndakhala pansi. Andiombera m'manja ngati ndanena zanzeru.

Nyama inali yokoma. Zimenezonso zandipweteka.

Lamulungu

Tachokera kutchalitchi. Ndawalembera a ku Blantyre kuti ndavomera. Ayankha nthawi yomweyo, mawu awiri, opanda ngakhale moni. Mayi a kunyumba apuma mpweya waukulu, kenako afunsa ngati kumeneko kulinso a Jafali awo. Ndati sindikudziwa. Ndikudziwa.

Matewera adzagulidwa, mwana adzavala zogula kusitolo. Zili bwino. Ndi zimene ndimafuna Lolemba.

Ndipo mkwiyo uja ndaufunafuna sabata yonse wabwera lero, ntchito yake itatha. Ndakwiya nawo zenizeni, onse atatu. Anthu oti tadya mbale imodzi zaka zonsezi, palibe ndi mmodzi yemwe wondiuza kuti usapite. Akanangonena kamodzi kokha, ngakhale monama!

Kunja kwalira hutala. A Jafali, galimoto yadzaza makatoni olongedzera katundu, akuseka ndisanatsegule n'komwe chitseko.

Ndikukawathandiza kutsitsa.